A Overtone Osandutsa Malaputopu Mafoni

Mukatchula dzina la a Overtone pa renki ya mateksi ku Nyanga, mu Cape Town muno, Amalawi ena mpaka lero amayamba atsonya kaye asanayankhe. Bamboyu anali ndi matenda amodzi: laputopu yaing'ono iliyonse yolowa m'kontena mwawo mokonzera zipangizo inkatuluka itasanduka foni. Kaya mwapita nayo chifukwa chivundikiro chagwedera, kaya lafa ndi batani limodzi, iwo ankafufuta zonse n'kuikamo Android, ija ya m'mafoni. Zofunsa mwiniwake analibe. Ankati timalaputopu totchipati n'tofooka, ubongo wa foni ndiye saizi yake.

"Dziko likulowera ku foni, abale anga," ankatero akutokosa m'mano ndi sikuludilaiva. "Ine ndikungokutsogozani. Mudzandithokoza."

Palibe anathokozapo. Zinthu za pa foni zinazolowera kuima chilili, ndiye pa laputopu zambiri zinkabwera chogona. Kasitomala wa a Overtone unkamudziwira khosi, lopendekera kumbali ngati nkhuku yaona kabawi. M'busa wina wa ku Langa analalikira ulaliki wonse ataigwira yake choimika, mpingo ukuganiza kuti abusa aphunzira kuimba akodiyoni. A Ramazani, telala wa pa renkipo, anaswa galasi ndi chala poyesa kukanda ngati pa foni, pomwe galasilo silinkamva chala n'komwe.

A Overtone eni ake ankayenda nayo yawo m'khwapa. Ikalira m'teksi ankaitsegula, n'kuikhazika paphewa, n'kuyamba kukuwa "Halo? Mukundimva?" chigongono chili pamphuno pa mnzawo. Tsiku lina maskoli, akuba a kuno, anawalanda pasiteshoni. Kutacha anaipeza itatsamira chitseko cha kontena. Ngakhale mbava zinaikana, koma a Overtone anati zinaopa nzeru zimene zinali m'menemo.

Onsewa ankangodandaula. Amene ankadana nawo chidani chenicheni anali a Viness, oluka tsitsi m'kontena yoyandikana. Amuna awo, a Chester, anamwalira kuno ku Cape Town, ndipo pasanapite nthawi moto unapsereza nyumba yawo ya malata ku Khayelitsha. Chinapulumuka ndi kalaputopu kamene madamu ena anawapatsa, poti tsikulo kanagona ku saluni. M'kalaputopumo ndimo munali zithunzi zokhazo za a Chester. Mwana wawo Tione, amene anamusiya ali khanda kwa mchemwali wawo ku Thyolo, nkhope ya bambo ake sankaidziwa, ndipo anali atayamba kufunsa. A Viness anamulonjeza kuti amutumizira. Vuto linali limodzi: pobayira chaja panagwedera. Anangoti akonzetse pa neba.

Madzulo ake kalaputopu kanabwerera kakuwala, kali ndi wotchi yaikulu pakati.

"Zithunzi za amuna anga zili kuti?" anafunsa a Viness.

"Zilimo, achemwali. Zangobisala."

"Zabisala zikuopa ndani?"

"Sisitimu yatsopano imeneyi. Zikazolowera zituluka."

"Ndinakuuzani kuti chaja! Chaja, a Overtone! Mwamvapo kuti foni pamenepo?"

"Eish, sisi, koma taonani mmene ikuyakira msanga."

A Viness anawagenda ndi chipeso, n'kuphonya. Kuphonyako kunawapweteka moyo wawo wonse.

Kuyambira tsikulo moni anatha. M'malo mwake m'mawa uliwonse a Viness, asanatsegule n'komwe loko, ankaima pakhomo pa neba manja ali m'chiuno.

"Inu a mfiti za mawaya, zatuluka?"

"Zatsala pang'ono, amake Tione. Dzulo ndinaona mthunzi wa jekete."

"Jekete la mtundu wanji?"

"La… lodera."

"A Chester analibe jekete lodera, wabodza inu!"

"Ndiye anali mlamu wawo. Tayandikira."

Madzi otsukira tsitsi a Viness ankawakhuthulira dala kumbali ya a Overtone. Aliyense wokhala pampando wolukirapo ankauzidwa mbiri yonse, ndipo akafika pa dzina la bamboyo ankakoka tsitsi mpaka kasitomala misozi. Munthu akamalowa m'kontena inayo ndi laputopu, ankasiya mutu wa munthu uli theka n'kuthamangira panja. "Bhuti, achimwene, bwererani! Mmenemo ndi m'manda!" Koma Loweruka lililonse ankatenga kalaputopu kawo n'kukakasiya pa tebulo la mdani wawoyo, ndipo iye ankakatsegula, kukagogoda, kukanunkhiza, n'kulonjeza sabata yamawa. Zinayenda choncho zaka, Tione mpaka kulowa sekondale akufunsabe.

Chaka china nyengo yozizira inabwera ndi mvula yosalekeza, ndipo a Overtone anayamba kutsokomola. Anaonda mpaka laputopu ija inkaoneka yaikulu kuposa chifuwa chawo. Anzawo anawakweza basi ya kumudzi, ku Ntcheu. A Viness sanapite kukatsanzika. Anangotulutsa mutu pakhomo.

"Mukuthawa ndi zithunzi zanga?"

"Ndikubwera, achemwali. Musampatse wina, angazithamangitse."

Sanabwerenso. Uthenga wa maliro utafika, a Viness anati, "Wapita wakuba uja," n'kupitiriza kuluka. Koma anayambiranso mzere umodzimodzi kangapo, ndipo kasitomala anamva madontho akugwera m'khosi mwake.

Kontena ija analowamo a Pitilani, munthu waulemu, wokonza chimene mwamuuza basi. Makosi a anthu anawongoka. M'mateksi mulibenso wokuwa. Pa renki pali mtendere, ndipo kunena zoona, mtenderewo ndi wosakoma. A Viness m'mawa amatsegula loko mwakachetechete, mkwiyo wawo wosowa poukhuthulira.

Loweruka lina anatenga kalaputopu kaja n'kukakaika pa tebulo la a Pitilani, n'kufotokoza zonse. A Pitilani anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu.

"Ndikhoza kutsegula n'kuyang'ana, mayi, lero lomwe mudziwa. Koma ndisakunamizeni. Mmene ankachitira malemu aja, ankafufuta mpaka pansi. Zambiri zimene ndaona sizitsala kanthu."

Anatambasula dzanja kuti akatenge. A Viness anakatsomphola msanga n'kukakumbatira pachifuwa.

"Ndiye mwana ndikamuuze kuti chiyani?"

A Pitilani anabweza dzanja lawo.

"Munthu wanji inu," anatero a Viness akutuluka, "wosatha n'kunama komwe?"