Jekete Yolumbirira Unzika

Inu, tamverani. Telala akakuuzani kuti "bwerani mawa," musamaganize kuti amadana nanu. Ndi mmene ntchito yawo imayendera basi. Ndipo Atelala a mumsewu wathu, aja shopu yawo inapanikizana ndi ya wokonza mafoni, anali akatswiri pa zimenezi. Diresi la ukwati ankalimaliza mkwatibwi ataima pakhomo, ulusi akuudula ndi mano. Munthu ankakwiya, koma akavala n'kudziyang'ana pagalasi mkwiyo unkathera pomwepo, chifukwa kusoka kokha bambo amenewa ankakudziwa.

Vuto lawo linali limodzi: anabadwira dziko lina. Kuno anabwera ali mnyamata, anakwatira konkuno, ana anabadwira konkuno, imvi zinawamerera konkuno, koma chiphaso chawo chinkangowalola kukhala mpaka kalekale, osati kukhala nzika. Ndiye poti malo a shopu sakanalembedwa m'dzina la mlendo, anawalembetsa m'dzina la mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo. Mlamuyo sankaiwala zimenezi. Ankangotulukira ndi thalauza long'ambika, n'kukhala pampando wa makasitomala miyendo atatambasula.

"Alamu, tangondigwirirani apa. Pajatu mlendo ndi mame, ndiye tikugwiritseni ntchito dzuwa lisanatuluke."

Atelala ankaseka nawo, koma mumtima zinkawapweteka kwambiri.

Patatha zaka akuyendera maofesi, uthenga unafika: pempho lawo la unzika lavomerezedwa. Chatsala n'kukalumbira pamaso pa woweruza, ndipo wosalumbira tsiku limenelo ayambirenso pamzere. Atelala anavula tepi m'khosi n'kulengeza kuti akavala suti yosoka okha.

"Bambo a ana, bwanji osangogula?" anatero akazi awo, omwe ankawadziwa bwino.

"Ine? Telala wathunthu, pa tsiku langa, ndivale zosoka munthu wina? Anthu adzati chiyani?"

Anagula nsalu yakuda yapamwamba, anadziyeza, analemba ndi choko, anadula. Kenako anaipinda bwinobwino n'kuiika pashelefu pamwamba pa nsalu za makasitomala ena, pamene imakhala ntchito ya mawa. Apa m'pamene panalakwika. Atelala anali atasanduka kasitomala wa Atelala.

"Suti ija bwanji?" ankafunsa mayiwo.

"Mawa."

Ndipo mawuwa ankawanena mokoma ndi motsimikiza, moti ngakhale eni akewo ankawakhulupirira. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, koma akuluakuluwo sanalawepo kukoma kwa "mawa" wa telala.

Mawa linafikadi. M'mawa wa tsiku lolumbira makina analira ngati akufuna kuuluka, koma nthawi inakana. Mikono ya jekete anangoigwiriza ndi ulusi woyera, kusoka kotalikirana kuja kongoyesera. Kolala anaipanira ndi mapini. M'munsi mwa thalauza mapini, m'chiuno mapini. Mabatani anati aona pobwera.

"Ichita," anatero akudziyang'ana pagalasi, manja atawapanikiza m'mbali. "Kulumbira si kulima."

Kunena zoona, akaima chilili suti inkaoneka ya bwana. Vuto linali kuyenda nayo. M'basi kukhala sakanatha chifukwa cha mapini a kumbuyo, kugwira chitsulo cha pamwamba sakanathanso chifukwa cha mikono. Dalaivala akakhota, Atelala ankagwera mayi wina wonyamula mazira. Akaponda mabuleki, ankagwera wapolisi.

"Bambo inu, gwirani chitsulo!"

"Zikomo, ndazolowera chonchi," anayankha mwaulemu, akugwa kachitatu.

Pachipata cha khoti panali makina aja amalira munthu akadutsa ndi chitsulo. Atelala atadutsa, makina analira. Anapereka makiyi, analirabe. Anapereka lamba, analirabe. Mlonda anawayendetsa kachipangizo kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, ndipo kanalira njira yonse osapuma.

"Akulu, mwameza misomali?"

"Ndi timapini tochepa chabe."

"Tichotseni."

Timapini tochepato tinadzaza mbale ya mlonda. Miyendo ya thalauza inatsika n'kuphimba nsapato, kolala inadzuka kumbuyo. M'chiuno akazi awo, omwe anawaperekeza, anamangamo ndi mpango wawo. Jekete tsopano inkangodalira ulusi woyera uja ndi chisomo cha Mulungu.

Muholo munali mbendera, mipando yapulasitiki ndi anthu ambiri. Kumbuyo kunakhala abale a olumbira. Mlamu uja analipo, komanso makasitomala angapo omwe anabwera kudzasangalala nawo, ena mwa iwo nsalu zawo zikadali pashelefu. Woweruza, mayi wamagalasi wosaseka, anaimiritsa olumbira onse.

"Kwezani dzanja lamanja."

Manja anakwera holo yonse. Atelala anakweza lawo kuyambira pachigongono, n'kulisiya cha pamimba.

Woweruza anatsitsa magalasi. "Bambo a kumapeto uko, mukuimitsa basi kapena mukulumbira?"

"Ndikulumbira, mayi."

"Dzanja m'mwamba, lionekere kwa onse. Ngati simunakonzeke, khalani pansi, mudzabwere ulendo wina."

Apa Atelala anagwidwa ndi mantha enieni. Akakweza, dzina lomwe analimanga ndi singano moyo wawo wonse lithera pomwepo, makasitomala akuona. Akapanda kukweza, abwerera ku shopu ya eni ake ali mlendo yemwe uja. Anacheuka. Mlamu wawo anali akumwetulira, miyendo atatambasula.

Anakweza.

Phokoso lake linamveka mpaka kukhomo: kweee! M'khwapa munatseguka, phewa linalekana ndi mkono, msana nawo unati usatsalire. Koma dzanja linali m'mwamba, pamwamba kuposa la wina aliyense, ndipo Atelala analumbira mokweza, mawu ndi mawu, mphepo ikulowa m'khwapa, misozi ikulengeza m'maso. Atamaliza, woweruza anati manja atsike. Atelala anatsitsa, mkono wa jekete unatsetsereka pang'onopang'ono, n'kugwera pansi. Bambo wina woyandikana nawo anautola n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Palibe anaseka, chifukwa woweruza sanaseke. Holo yonse inkangonjenjemera mapewa.

Kenako anayamba kuitana mmodzimmodzi kukalandira chiphaso. Atelala anapita akukoka thalauza, mkono wa jekete ataupachika paphewa. Woweruza anawagwira chanza, anawapatsa chiphaso, koma sanawasiye msanga. Maikolofoni inali yoyatsa.

"Takulandirani, bambo. Kuyambira lero ndinu nzika. Koma ndiloleni ndifunse, kuti nane ndizimupewa: anakusokerani jekete imeneyi ndani?"

Kumbuyo kuja makasitomala anatcheza khutu. Akazi a Atelala anayang'ana kudenga. Atelala anayang'ana chiphaso chili m'manja mwawo, dzina lawo litalembedwa bwinobwino, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Mlendo wina wake, mayi. Anthu obwerawa mumawadziwa."

"Ndiye mukamubwezere zinthu zakezi. Amapezeka kuti?"

"Musavutike naye, mayi," anatero Atelala. "Wachoka m'mawa uno. Sabweranso."