Chi-TV Chomwe Chinanditulutsa M'nyumba Mwanga

Mukandiona masiku ano ndikuzungulira kuseri kwa khola la mbuzi m'malo modutsa pabwalo ngati bambo wa pakhomo, musaganize kuti ndataya kanthu. Ndikuthawa maso a apongozi anga. Kuthawanako n'kwa mwambo, inde, koma kwanga kuli ndi chifukwa china chapadera, ndipo anayambitsa zonsezi ndi Geresomu.

Geresomu ndi mnzanga, tonse timayendetsa njinga zamoto za kabaza pamsewu wa ku Guilleme. Loweruka lililonse masana tinkakumana kwawo kumenya gemu ya mpira pa ka TV kake kakang'ono ngati chivindikiro cha ndowa. Ankandichinya. Osati pang'ono ayi: zinayi, zisanu, tsiku lina zisanu ndi ziwiri kwa duu, anthu akuonerera. Yankho langa linali limodzi. "Aise, vuto ndi ka TV kakoka. Osewera akuoneka ngati nyerere. Tsiku ndidzagule yanga yaikulu, udzalira." (Mawu amenewa ndinawanena chaka chathunthu mpaka ndinayamba kuwakhulupirira ndekha.)

Nditagulitsa soya ndinauyatsa wa ku boma. Akazi anga, mayi a Tadala, anandiperekeza ndi mawu amodzi: "Mukagule yolingana ndi nyumba yathu, bambo a Tadala." Ndinagwedeza mutu, mtima uli kale pa Geresomu.

Wogulitsa anali mkulu wina wopikula katundu ku Chipata, ndipo sindingamunamizire, anayesetsa kundithandiza.

"Mudala, pabalaza panu ni pakulu bwanji? Mpando uli patali bwanji na chipupa?"

"Pabalaza panga kwaya yonse ikhoza kuphunzirirapo nyimbo," ndinatero osaphethira. (Pabalaza panga ndi mapazi anayi. Achisanu umaponda khitchini.)

Anandionetsa ya mainchesi 43, akuti imeneyo ndiyo yabwino pa gemu, ukadina batani wosewera amathamanga pomwepo. Ine khutu linali litatseka kale. Chala changa chinaloza ya kumapeto, ya mainchesi 65, yomwe inaima pakona ngati chitseko cha tchalitchi. Pobwerera, katoni itamangidwa kumbuyo kwa njinga, mphepo inkandikankhira m'minda ya anthu, ndipo awiri anandiimitsa kufunsa ngati ndikumanga nyumba ina.

Kuti ikwane pakhoma tinachotsa kalendala, wotchi ndi chithunzi chathu cha ukwati. Titayatsa, nkhope ya wowerenga nkhani inatuluka yoposa lichero, mayi a Tadala mpaka anakonza duku. Ukakhala pasofa n'kufuna kuona magolo onse awiri, khosi limagwira ntchito kuposa maso. Malo abwino oonera, ndinazindikira, anali panja, pazenera la kukhonde. Ndinaseka, osadziwa kuti ndapeza malo anga enieni.

Tsono apa ndifotokoze. Ine ndine mkamwini, ndinamanga kwawo kwa akazi anga, ndipo nyumba ya apongozi aakazi ili pafupi moti akatsokomola timamva. Kwathu kuno mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi, sawayang'ana kumaso, ndipo mawu amadzera mwa mkazi. Mukakumana panjira, wina amapatukira mu mtedza. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinasunga zimenezi popanda banga, mpaka ankandiyamikira m'mudzi. Zinali zosavuta, chifukwa m'nyumba mwangamo munalibe chowakokera.

Tsiku lachitatu apongozi anamva kwaya ikuimba pa TV.

"Amayi akubwera," ananong'ona mayi a Tadala. Ndinasiya padi, kachipangizo koseweretsera gemu kaja, n'kutulukira khomo la kumbuyo.

Maso awo ndi ofooka, ndiye akuti aka kanali koyamba kuona TV yomwe anthu ake amaoneka ngati anthu. Kuyambira pamenepo masana aliwonse akaweruka kudimba ankalunjika pasofa panga. Anakonda mafilimu a ku Nigeria. Chizungu samva, koma amadziwa mfiti isanayambe n'komwe kulankhula. Ine mwini katundu ndinkakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, kumvetsera soya wanga akulira mkati. Zinkandiwawa, kunena zoona, koma ukadandaule kwa ndani?

Lafika Loweruka la chibwereza. Geresomu anatulukira ndi anzathu atatu a kabaza, akuti mboni. Anandipeza pa njerwa paja.

"Aise, chi-TV chija chili kuti? Kapena inali nkhambakamwa?"

"Muli apongozi," ndinayankha motsitsa.

Anaseka mpaka anagwira khoma. "Ndiye wagulira apongozi! Bola ka ine kakang'ono, ndimakaonera nditakhala pansi."

Mwamwayi mayi a Tadala anasuzumira n'kunena kuti amayi agona pampando. Apa m'pamene nzeru zanga zoipa zinabwera. Mapadi alibe mawaya, TV ndi yaikulu, zenera lilipo. Ndinawanyengerera akazi anga kuti alumikize gemu n'kutsitsiratu mawu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachita. (Ndikuganiza kuti ankafuna aone mathero ake.)

Tangoganizani amuna asanu a ndevu zawo atathithikana pazenera ngati akuba, akusewera mpira mwakachetechete. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli, zomwe sizinachitikepo chibadwire changa. Geresomu anayamba kutuluka thukuta. Ine mumtima ndinkati, mwaona, ndinkanena ine, vuto linali TV.

Kutatsala pang'ono kuti woimbira mpira aimbe kherere komaliza, wosewera wanga anapatsidwa mpira ali yekhayekha. Ndinadina. Ukonde unagwedezeka.

Abale anga, manyazi a chaka chathunthu akamachoka m'thupi, nzeru zimachokera limodzi. Ndinaponya padi pansi, ndinavula malaya, ndinakuwa "Chalowa!" n'kuthamangira pakhomo. Sindikudziwa chomwe ndinkafuna m'nyumbamo, mwina kukakumbatira TV. Ndinadzigwetsa ndi mawondo monga amachitira akatswiri aja. Koma pansi paja mayi a Tadala anali atapaka polishi m'mawa womwewo. Ndinatsetsereka mapazi anayi onse a pabalaza panga, manja nditatambasula, mimba ili pamtunda, mpaka ndinakaima pa mapazi a apongozi.

Maso awo anali otsegula. Zaka zisanu ndi ziwiri, aka kanali koyamba ine kudziwa kuti ali ndi kachipsera pamphumi.

Anatembenukira kukhoma mwaulemu wonse, nadziphimba kumutu ndi chitenje, n'kuitana mwana wawo ngati palibe chachitika.

"Aginesi."

"Wee, amayi."

"Uwauze bambo a Tadala avale malaya."

Ndinayamba kukwawa chobwerera m'mbuyo. Ndisanafike pakhomo, chitenje chija chinalankhulanso.

"Uwauzenso kuti chigolicho achikana. Wa mbendera uja anakweza dzanja kalekale, munthu wawo anatsogola. Ine wa maso akufawa ndaona. Iwo chi-TV chonsechi osaona?"

Anali atadzuka mpira ukungoyamba kumene, n'kumangoonerera. Panja mboni zinagwa m'maluwa ndi phwete. Geresomu yekha sanaseke, anali wotanganidwa: padi yanga ili mu fumbi, anagoletsa ziwiri ine ndikufunafuna malaya.

M'mawa mwake ndinatumiza tambala kudzera mwa amalume awo a akazi anga, kupepesa. Tambala analandiridwa. Yankho linabwera loti palibe mlandu, mkamwini ndi mwana, koma poti gemu imamuchotsa nzeru, limoti yoyatsira TV ayambe asunga iwo. Mpaka lero imakhala pa mfundo ya chitenje chawo, pamodzi ndi makiyi a nkhokwe.

Ndabwereranso kwa Geresomu, pa ka TV kake kaja. Sabata yatha anandichinya zisanu. Koma tsopano ndazindikira pomwe pagona vuto: ndi padi, mabatani ake ndi olimba. Ku boma ndaonako ina yabwino kwambiri, ndikungodikira mtedza uume.

Chimene chimandipha n'chakuti Loweruka lililonse ndikamafika kunyumba, ndikuzembera kuseri kwa khola kuja, ndimamva mawu akuchokera pabalaza panga, okweza dala kuti andipeze:

"Aginesi, tawafunsa bambo a Tadala. Lero awachinya zingati?"