Miyala Yofiira ya ku Mozambiki

Amene akuti Bikitoni ndi wabodza ayandikire, adzanenere pano pamaso panga, osati kumang'ung'udza kuseri kwa matabwa ngati khoswe. Inu anyamata a zikwama kumsana, lole yanuyo ndaiona, yaima apo patsidya pa msewu, ndipo ejenti wanu wa magalasi akuda uja ndinamumva dzulo akukuuzani kuti ku Mozambiki ocheka matabwa amalandira mamiliyoni pomwe ife kuno ku Biwi tikungofera utuchi. Sananame ayi. Ine mamiliyoniwo ndinakawaona ndi maso angawa, n'chifukwa chake ndakhala pachikwama chako, iwe Limbikani mwana wanga, ndipo usachikoke, ungodula lamba.

Ndinapita chaka chija cha njala, ine ndi alamu anga a Yohane, atsibweni ako, alongo awo a amayi ako. Sowo yathu ndi iyi yapachikidwa apayi, ya anthu awiri, ine pamwamba pa chipika, alamu pansi m'dzenje, wina kukoka wina kukankha. Za malipiro a kuno sinditsutsa, n'zochititsa manyazi: ucheka tsiku lonse, mwini matabwa akupatsa kangachepe madzulo, ugula bonya ndi kasopo, ukamafika ku Chinsapo m'thumba mwatsala mphepo yokha, koma wafika, wagona pamphasa pako, ukadwala pali wokukweza panjinga kupita nawe kuchipatala. Uko ndiye eee, ndalama zake n'zoopsa! Malipiro anga a mwezi woyamba bwana anachita kundionetsa ali m'matumba a feteleza, ng'ombe ziwiri zinakanika kuwakoka, ina mpaka inagwada n'kuyamba kugwetsa misozi, koma kuonako kunali komweko chifukwa ankati mudzalandira ntchito ikatha, ndipo poyembekezapo ankadula za ufa, za mchere, za madzi a pachitsime, za mthunzi wa mtengo umene wapumirapo, tsiku lina ndinangoyetsemula akuti ndamwaza utuchi wa kampani, anadulanso. Mukumva?

Mitengo yake musayerekeze n'komwe ndi timitengo tanu ta ku Dzalanyama. Mlombwa wina tinaudula Lolemba, unafika pansi Lachisanu, anyani amene anali kunsonga anatsika atamera imvi. Ndikagwira sowo ine inkatuluka utsi, anthu a midzi yakutali ankabwera kudzapala moto, ndipo madzulo aliwonse alamu ndinkachita kuwafukula ndi khasu m'dzenje muja, utuchi utawakwirira mpaka chipewa.

Koma nkhalango imeneyo, abale, inali zii. Mbalame osalira, ngakhale gologolo osadutsa. Eni dziko amene ankanyamula matabwa ankayenda mondondozana, aliyense kuponda pamene paponda mnzake, osayankhula, ndipo tikafika malo atsopano bwana ankamwetulira n'kunena kuti Amalawi ndinu olimba mtima, tsogolani. Ife n'kumanyada, kumatukumula zifuwa! Tikanadziwa bwanji ife anthu osaonapo nkhondo kuti nkhondo ikatha imasiya mabomba ake m'nthaka, ali phee, kudikira phazi la munthu?

M'mbali mwa tinjira ta kumeneko munali miyala yopakidwa penti wofiira, yondanda bwinobwino, yofanana kukula kwake. Alamu anali munthu waukhondo, wokonda zinthu zooneka bwino, ndiye anati koma awa ndiye mafuwa, anatola atatu n'kuphikirapo nyemba, mawa lake anatola ena kupsinjira lona wofolera, ena kuzinga msasa, Amalawi anzathu onse n'kutengera, aliyense pobwera kuntchito mwala paphewa, mpaka msasa wathu unakongola ngati sukulu tsiku lobwera nduna, m'nkhalango monse osatsala mwala wofiira ndi umodzi womwe.

Tsiku lina masana kunafika bambo wina wa mwendo umodzi, wogulitsa uchi. Atangoona mafuwa athu anagwetsa chigubu chake, manja kumutu. "Abale inu, mwatipha tonse! Miyalayi inaikidwa kuti tizidziwa pamene pali mabomba!" Mukumva, anyamata? Zizindikiro zonse zinali pansi pa mapoto athu. Bwana sanadikire kumva kawiri, analumphira m'galimoto n'kubwerera chafutambuyo momwe munadutsa matayala ake, matumba a ndalama aja ali kumbuyo, eni dziko nawo anazimiririka m'njira zodziwa okha, tinatsala Amalawi okhaokha titaima ngati zitsa, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

Ine sindinachite mantha, musandiyang'ane choncho. Kuimirira kokha ndi kumene kunanditopetsa, ndiye ndinati ndikhaleko pansi pang'ono, ndipo nditangokhala, pansi panga panalira kuti khetche! Wauchi uja anakuwa ali kutali kuti bambo inu mukangodzuka pamenepo tidzakutolani ndi lichero. Ndinakhala. Dzuwa linalowa, linatuluka, anzathu anachoka mmodzimmodzi chokwawa, mvula inagwa n'kukata, chiswe chinamanga chulu mpaka m'khwapa mwanga, njiwa inaikira mazira m'ndevu zanga, mazira anaswa, ana anakula n'kuuluka, ine osaphethira, chifuwa chikabwera ndikumeza, mtima ndinachita kuuuza kuti uzigunda pang'onopang'ono ungadzutse chinthucho, ndipo ndinkachimva pansi panga chikutentha, ine ndikuchifungatira ngati nkhuku, ndikudziwa kuti chikaswa ndiye kwanga kwatha. Thukuta limene ndinatuluka pamenepo linayenda n'kukhala kamtsinje, mpaka lero anthu amachapamo.

Koma Bikitoni safera pamalo amodzi. Ndinakoka thabwa la mlombwa ndi chala chakuphazi, ndinalilowetsa pansi panga pang'onopang'ono, ndinanyowetsa chala ndi malovu kuti ndione kolowera mphepo, ndinapendekera cha kwathu kuno, sowo ndinaikumbatira, ndinatchula dzina la amake Limbikani, n'kudzutsa thako limodzi. Phuuu! Ndinakwera ine, mitengo ija inasanduka ngati mbewu za tomato, pa boda asilikali anandifunsa pasipoti ndili m'mwamba ine kungowabayibitsa, phiri la Dedza ndinaligunda ndi chidendene mpaka linagumuka kunsonga, kayang'aneni, ndinadutsa Bunda, ndinaona malata a Area 23 ndi Kawale akunyezimira, ndinakhotetsa thabwa ngati chiwongolero cha minibasi, n'kukatera pamulu wa gaga pachigayo cha ku Chinsapo, amayi opeta ufa balalabalala, malichero m'mwamba. Kabudula yekha ndi amene anatsala ku Mozambiki, ndipo ndikukhulupirira kuti bwana uja anadulanso za kabudulayo.

Mwaseka. Nthawi zonse anthu amaseka pamenepa, ndipo ine ndimalekezera pomwepa. Koma lero sindilekeza, chifukwa lole ija yayamba kulira. Thabwa lija, Limbikani, linali lalitali, lokwana anthu awiri.

Ndili chikhalire pabomba paja ndinawauza alamu kuti dikirani, tikwere tonse. Iwo anapukusa mutu. "Alamu, ana anga akudya gaga kumudzi. Ndikafike chimanjamanja? Bwana uja ali ndi thukuta lathu, ndikamupeza." Ndinawachonderera, ndinawakalipira, ndinalira ngati mwana, inde ine Bikitoni ndinalira, koma kudzuka kuti ndiwagwire sindikanatha. Anandiikira sowo pamiyendo n'kuyamba kuyenda, phazi limodzi, kuima, phazi lina, kuima, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi, mpaka analowa m'mitengo, ine kumangomva kanyimbo kokha, kakuchepa, kakuchepa. Kenako nthaka inagwedezeka pansi panga, masamba anayoyoka. Ndinaitana mpaka mawu anatha, koma kanyimbo kaja sikanamvekenso.

Apa sindinawonjezerepo ngakhale kamchere. Iwe unali kusukulu ku Kasungu, unangomva kuti atsibweni anamwalira kutali. Kumudzi kwawo ku Mitundu tinaika maliro opanda mtembo, ndipo amene anapita kudimba kukadula thunthu la nthochi ndine, ndi manja awa, tinalikulunga m'nsalu, tinaligoneka m'bokosi monga mwa mwambo, amayi ako akugubuduzika pansi kulirira nthochi. Amene akuti ili ndi bodza atenge khasu akafukule.

Iyo hutala ikuitana. Enanu sindingakugwireni, muli ndi makolo anu, koma mukakaona mwala wofiira musakautole, ndipo akakati Amalawi tsogolani mukakane. Iwe ndiye ayi. Mkazi wako ndi woyembekezera, ndipo ine ndikuchita mantha, ndanena poyera, ndikuchita mantha kuposa tsiku lija. Ndalama za kuno n'zochepa, ndikudziwa, koma tsitsa sowoyo, ukwere pamwamba ndiwe, ine nkhalamba nditsikira m'dzenje ndizidya utuchi. Nthochi ndinadula imodzi, ina sindidula. Koka chikwamacho ngati uli ndi mphamvu, itana ndi ejenti wakoyo adzakuthandize: ine ndinakhala pabomba mpaka njiwa zinaswa m'ndevu, pachikwama ichi sindidzuka.