Moni wa Manja Awiri pa Njinga Yamoto

Kulira kwa njinga ya motokrosi ndinayamba kukumva ndili mwana ku Dedza, mzungu wina wa zankhalango akudutsa m'mapaini, chinthu chikulira ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Chichokereni kumeneko ndayenda, Beira, Joni, mpaka kuno ku Silver Spring, ku Amereka, ndipo kulikonse ndinkawerenga za mpikisano wothamangitsa njinga zamoto m'matopewu. Ndifunseni, ndikuuzani kuti unayambira ku Mangalande, kuti anyamata a ku Belgium ndi Sweden anaulamulira nthawi yaitali, Ajapani n'kubwera ndi njinga zopepuka, Aamereka n'kuulowetsa m'mabwalo a mpira. Chimodzi chokha: njinga yamoto sindinayendetsepo. Yanga inali yakapalasa yopanda mabuleki, yoimitsa ndi chidendene pa tayala.

Ndiye Loweruka lina anandiitana ku Springfield, kwa Mabvuto, mlongo wake wa Esinati, nesi wa ku Chipata amene ndinkafuna kumanga naye banja. Atsibweni awo, a Tembo, amakhala pomwepo, ndipo tsikulo ankafuna andione ngati ndine munthu woyenera kupatsidwa mkazi. Pulani yanga inali yosavuta: kudya nyama, kuvomera "inde", kubwerera.

Koma m'galaja munali njinga. Yofiira, matayala a mano, matope a dzulo akadali mmenemo. Pakamwa panga panatseguka pokha, ndinayambira ku Mangalande kuja, pofika ku Japan nyama yapsa kale.

"Imwe mudala mudziwa maningi," anatero Mabvuto m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Munali kuthamangitsa?"

"Kalekale," ndinayankha.

Kalekale liti, abale anga?

Mabvuto anaikankhira njingayo kuseri kwa nyumba, anailiza, ine pamwamba, miyendo ikungokhudza pansi ndi zala. Anandigwiritsa klatchi kudzanja lamanzere, n'kuponda giya yekha. "Osataya iyi, mpaka mwakonzeka." Esinati anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira wodwala wokana mankhwala.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. A Tembo, jekete, chipewa, akubwera pang'onopang'ono atatambasula dzanja.

Tsono inu munaleredwa ngati ine, mukanatani? Wamkulu, mwini mbumba, mungamupatse moni ndi dzanja limodzi ngati mukuimitsa basi? Dzanja lamanja linapita kwa iwo, lamanzere linasiya klatchi n'kukagwira pachigongono, mutu n'kuwerama. Mwambo wonse ndinaukwaniritsa.

Njinga inadumpha ngati mbuzi yolumidwa. Pofuna pogwira ndinakumbatira chogwirira chakumanja, chomwe chija chopatsira moto, n'kuchipotokola. Mayo ine! Tayala lakutsogolo m'mwamba, tebulo la zakumwa linagona, mipando inabalalika, amayi a kutchalitchi akuitana Yesu m'zinenero ziwiri. Mabvuto akukuwa za mabuleki, koma thupi limakumbukira za kwawo: ndinaponda chidendene pa tayala lakumbuyo. Nsapato inauluka n'kukagwera kwa aneba, kumene galu anailandira.

Ndinaimira m'dimba. Dimba la a Tembo, la chibwabwa chimene anachilera chilimwe chonse chachifupi cha kunochi, akuchitchinga kwa agwape ndi agologolo. Ndinalima mzere umodzi woongoka bwino, kuchokera kumpanda uku kukafika uko.

A Tembo anabwera, anayang'ana masamba, anayang'ana ine chagada, duwa la dzungu lili pakhutu. Mumtima ndinati basi, mkazi wapita.

"Esinati," anatero, "kuno ku Amereka ndi woyamba uyu kundipatsa moni wa manja awiri. Ulemu ali nawo." Anatola tsamba limodzi, n'kulikutumula dothi. "Koma mukakwatirana, galimoto uziyendetsa ndiwe."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinadya nyama yanga mwaulemu, ndipo dzuwa litangolowa, nyimbo zisanayambe n'komwe, ndinadzuka n'kutsanzika, phazi lina nsapato, lina patapata wa Mabvuto.

Motokrosi ndimaoneranso, koma pa foni, nditakhala pa sofa. Ndipo wamkulu akalowa, ndimayamba ndazimitsa.