Mbuzi ya ku Chowe ndi phewa langa

Mukandiona ndikupalasa kabaza pa Mangochi phewa limodzi lili lotsika, musandifunse. Ndikuuzani ndekha, anzanga a pasiteji asanathire mchere.

Ndinapita ku Chowe kukaonekera kwa abale a Esinati, chibwenzi changa. Aliyense anandichenjeza kuti malume ake, a Phiri, msilikali wopuma, akakukana ndiye basi, ukwati palibe. Ndinafika atagula mbuzi. A Jafali oyandikana nawo anaizinga mwachisilamu kuti aliyense adye, kenaka a Phiri anafunsa amene angaidule.

"Ine, bambo! Mbuzi ndimadula ngati papaya."

(Chibadwire ndinali ndisanadulepo ngakhale nkhuku.)

Kusenda ndinayesetsa. Mavuto anayambira pamwendo. Ndikacheka, fupa. Ndikasuntha mpeni, fupa. Azimayi ku khitchini anayamba kutsokomola chifuwa chabodza.

"Achimwene," anatero a Phiri, atakhala phee pampando, "mbuzi sitimenyana nayo. Funani pamene mafupa akumana. Bondo limapindika mbali imodzi ngati chitseko, lipindeni mudule mtsempha. Ntchafu ili ngati munsi mumtondo, izungulizeni ituluka yokha. Mafupa a m'mutu okhawo ndiwo osokedwa pamodzi, sasuntha. Kusukulu sanakuuzeni?"

Mwina anatiuza. Ine sukulu ndinaitsazika mu sitandade 6 nditakangana ndi aphunzitsi.

Mawu akuti sukuluwo anandiwotcha m'makutu. Ndinaponya mpeni pansi, ndinatola chikwanje. Ndinati mbuzi yakufa singandichititse manyazi pamaso pa Esinati. Ndinakweza mkono mpaka kumsana, n'kugwetsa ndi mkwiyo wonse. Mwendo uja unali pendapenda pachingwe, unathawa. Chikwanje chinadula mphepo.

Khuu!

Chimene chinatuluka mumtondo si ntchafu ya mbuzi ayi. Linali phewa langa.

Ndinalira, abale. Ndinaitana amayi anga amene ali ku Malindi. A Phiri anadzuka mosafulumira, anayang'ana mkono uli lendee, nati, "Eya, mwaona? Uwu ndi mtundu wa munsi uja."

Kuchipatala ananditengera pa njinga yanga yomwe, wopalasa ali Esinati, ine kumbuyo ngati thumba la makala. Kumbuyoku a Jafali anamaliza mbuzi ndi kampeni kosendera mbatata.

A Phiri anavomera ukwati. Akuti mwamuna wokwiyira mbuzi mpaka kudzithyola yekha ndi wosaopsa, woopsa ndi wokwiyira anthu. Koma mpaka lero kukakhala phwando ku Chowe, mipeni amaibisa, ine amandipatsa beseni ndikatsuke matumbo.

Ndipo matumbowo, ndikuuzeni, nawonso amandikwiyitsa.