Antchito Okhazikika a pa Shedi ya a Kamwendo

Lolemba
Bwana wathu, a Kamwendo, akuti maoda a mipando achepa. Akufuna ndiwerenge antchito okhazikika pa shedi yathu ya ukalipentala kuno ku Mchesi. Wokhazikika ndi amene apezeke tsiku lililonse, m'mawa mpaka kuweruka, lero mpaka Loweruka. Otsalawo asanduka aganyu, oitanidwa ntchito ikapezeka. Ine monga kalaliki ndilibe nkhawa. Ndagula kope, ndajambula mizere ndi rula. Mayina asanu ndi awiri, langa pamwamba.

Lachiwiri
A Gwaza, opala matabwa, ali kwawo ku Dedza, akukumba mbatatesi. Chiyambire dzulo akuwagwirira malo ndi mlamu wawo, a Fanuwelo. Amatero chaka chilichonse, palibe amadabwa. Koma ndichonge ndani? Dzina ndi la a Gwaza, thukuta ndi la a Fanuwelo. Mlamuyo ndamulemba ndi pensulo m'munsi mwa tsamba.

Lachitatu
Maliro ku Kawale. Atatu apita:
mmodzi poti ndi a mpingo umodzi ndi malemu,
wina poti malemu ndi akwawo ku Ntcheu,
wachitatu poti bokosilo anakhoma ndi iye, akufuna akaone ngati chivundikiro chikhale bwino.
Munthu sungamukanize maliro. Kope langa lokha ndilo silidziwa chisoni. A Fanuwelo akupala matabwa.

Lachinayi
Mayi Nachisale, opaka vanishi, akufika teni koloko kuchokera kusikelo ndi mwana. "Lembani theka, achimwene." Theka la munthu! Mzere wake sindinajambule. Tatsala awiri: ine ndi a Wisikesi, osoka makushoni.

Lachisanu
A Wisikesi sakuoneka, foni yawo yazima. Ali ndi ana asanu, ndikuwamvera chisoni. Ndikukwera minibasi kukawatenga ku Chinsapo bwana asanafike. Ndawapeza akudzutsa mpanda womwe wagwa ndi mphepo, ndawagwirirako nsungwi. Pobwerera minibasi yafera panjira. Tikufika dzuwa litapendeka, kope lili m'manja mwa bwana. Pa dzina langa ajambulapo mtanda okha, waukulu bwino.

Loweruka
Bwana akuwerenga tsamba kuchokera pamwamba mpaka pa pensulo. Wokhazikika ndi mmodzi: a Fanuwelo! Ndikufotokoza kuti bamboyu sitinamulembe ntchito, angobwera kudzasunga malo. "Kopeli mwalemba ndinu, a kalaliki. Kapena likunama?" Silikunama. Mizere yake ndi yowongoka ndithu.

Lamulungu
Ndapita kutchalitchi, ndabwerako. Mawa a Fanuwelo ayamba ntchito yokhazikika, ife asanu ndi awiri tizidikira foni. Mtima ukundiwawa, koma wodzikumbira yekha dzenje sadandaula kuya kwake. A Gwaza aimba kuchokera ku Dedza, akufunsa ngati mlamu wawo wawasungira bwino malo. Ndawauza kuti wawasungira kwambiri, moti sachokapo.