Makina Akuti Ndikadali M'ndende

Abale anga, usiku wathawu ndinalota maloto ondisiya kukamwa kuli yasa. Nkhani yanga mukuidziwa. Khoti linandiyeretsa n'kunditulutsa m'ndende chaka chatha, dzina la Zefaniya Mkwapatira n'kukhalanso la munthu, ndiye ku esiteti ya mtedza wa makademiya anandilonjeza ntchito yothamangitsa anyani, bola ndipeze chiphaso cha mfuti. Ndikalephera, ntchitoyo atenga mlamu wanga Dafuleni, munthu wothawa ngakhale nkhuku yofungatira. Koma ku ofesi ya ziphaso anandikaniza, ndipo ndinachita apilo.

Ndiye kutuloko ndinangopezeka ndili mu ofesi muja, nditakhala pabenchi. Benchilo linandipempha kuti ndisendere kumanzere poti kumanjako linali ndi nyamakazi. Kalaliki, mayi wa magalasi, anaika chala changa pamakina. Makinawo anatsokomola, n'kulengeza kuti Mkwapatira akadali m'ndende.

"Mayi, si ine ndili panoyu?" ndinafunsa.

"Bambo, musatsutsane ndi makina. Ngati munatulukadi, pitani mukadzitenge, mubwere nanu."

Mwadzidzidzi diso lawo lina linayang'ana kudenga, lina kukhomo, ndipo anasanduka bilimankhwe. Anayamba kutambasula dzanja kuti atenge chidindo, koma chidindocho chinandinong'oneza kuti ndizipita, dzanjalo lifika mvula ikagwa.

Ndiye ndinakwera kabaza, wopalasa wake ali nkhanga, tinadutsa m'kati mwa tchalitchi, n'kutulukira kundende. Kumeneko ndinapeza malaya anga a ukaidi ali pamzere okhaokha, opanda munthu m'katimo, akuyankha dzina langa. Anali atanenepa ndi nyemba zanga. Nditawapempha kuti tipite, anakana. Anati awakweza, tsopano ndi nyapala woyang'anira akaidi anzawo, komanso anakwatira bulangete, sangasiye banja chifukwa cha mfuti. Ndinawagwira pakolala n'kuwakoka, bulangete likulira m'mbuyomu.

Mwadzidzidzi tinali m'chipinda cha apilo, madzi akulekeza m'mawondo. Wapampando, bambo wonenepa wa taye yofiira, anayasamula kamodzi n'kusanduka mvuu, taye ili pomwepo. Omuthandiza anali anyani a ku esiteti omwe aja, akuswa makademiya ndi nyundo ya khoti, Dafuleni akuwakupizira mphepo ndi chipewa.

Anaitana mboni, ndiye inalowa mfuti yokalamba, ikutsimphina ndi ndodo. Inapempha kuti tizilankhula motsitsa chifukwa phokoso limaidwalitsa mutu. Inati siikudziwa aliyense wa ife, ingofuna munthu woti aziipukuta ndi mafuta, osailozetsa kwa anthu.

Mvuu inafunsa kuti Mkwapatira weniweni ndani. Ndisanatsegule pakamwa, malaya aja anali atakweza kale mkono, anyani n'kuwomba m'manja.

Apa, abale anga, mtima unandiwawa ngati si maloto. Ndinawauza kuti nditatuluka, aneba ankabisa nkhwangwa ndikamadutsa, ndipo mwana wanga wamkazi ankandipatsa moni ali chapatali ngati mlendo. Ndinavutika kuti onsewo andikhulupirirenso, ndipo anandikhulupirira. Atsala makina okha.

"Bwana, malayawa ndinangowavala," ndinatero. "Si ine ayi."

Nyani mmodzi anabweza mtedza m'thumba. Mfuti ija inataya ndodo, inatsimphina kudutsa m'madzimo, n'kudzatsamira paphewa langa. Inkanunkha mafuta a makina osokera.

Ndiye mvuu inaimirira, madzi akuchucha m'taye, n'kunena kuti yamva mbali zonse ndipo chigamulo chake n'chachidule. Dafuleni anasiya kukupiza. Mvuuyo inatsegula chikamwa chija mpaka mano onse kuonekera, n'kufuula kuti:

"Makalaaa! Makala ouma!"

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kunja kunali kutacha, wogulitsa makala akudutsa kuseri kwa mpanda, ndipo chigamulo changa anapita nacho panjinga, kulowera kumsika.